Usiku umene wailesi inakhala chete ine ndili pamaliro ku Mabvuku

Foni yanga ndinaizimitsa dala. Tinali pamaliro a mayi wina wa mumpingo mwathu ku Mabvuku, komboni ina ya mu Harare kuno ku Zimbabwe, ndipo sindinafune kuti izilira pakati pa nyimbo. Unali mwezi wa Novembala 2019, chaka chimene madzi anaphwera kwambiri ku damu la magetsi la Kariba, magetsi n'kumazima mpaka maola 18 pa tsiku. Tinachezera kuimba ndi makandulo. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinatuluka kukakhala pamoto ndi azibambo, n'kuyatsa foni kuti ndione nthawi. Mauthenga anali mbwee. Woyamba unali wa mtsikana amene ankaulutsa mawu usiku umenewo pa wailesi ina imene kampani yathu inkaisamalira zipangizo: "Achimwene, kompyuta ikufunsa password. Muli kuti?"

Za usiku umenewo ndibwererako. Ndiyambe ndi kumene ndinachokera, chifukwa achinyamata ambiri a kwathu kuno amandifunsa kuti ntchito imeneyi ndinailowa bwanji, ndipo ena amaganiza kuti panali wachibale amene anandigwira dzanja.

Agogo anga aamuna anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, atalembedwa ndi a Mthandizi, bungwe limene linkatenga anthu kukagwira ntchito ku Rhodesia. Anayamba ndi kumunda wa fodya, kenako n'kulowa m'tauni ya Salisbury kukaphikira azungu. Anthu a kwathu akamati "wapita ku Halale" ankatchula dzina la komboni imene lero timaitcha Mbare, mzinda wonse usanatenge dzinalo mu 1982. Bambo anga anabadwira konkuno, ine ndinabadwira ku Mufakose. Kusukulu tinkatchedwa Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre, ngakhale kuti m'banja mwathu munalibe amene anapondako ku Blantyre. Chishona chinali cha panjira, Chichewa cha m'nyumba ndi cha kutchalitchi cha CCAP.

Bambo ankagwira ntchito m'fakitale ku Workington, koma madzulo ankakonza mawailesi a anthu. Patebulo pathu podyera pankakhala timawaya, zitsulo zowotcherera mtovu ndi mawailesi osegula m'mimba, moti nsima tinkadyera pamkeka. Usiku ankapotokola kachitsulo pang'onopang'ono kufunafuna MBC pa shortwave, mawu a ku Malawi n'kumabwera ndi kupita ngati mphepo. Ine ntchito yanga inali kugwira tochi. Wailesi ikakana kulira, iwo sankathamangira kusintha chinthu. Ankayambira pa batire, n'kumatsata waya uliwonse ndi chala, amvekere: "Iwe, mawu ali ndi njira yawo. Peza pamene aduka." Pa zonse zimene ndaphunzira m'makalasi, palibe chimene chandidyetsa kuposa mawu amenewo.

Nditamaliza sekondale ndinakachita za kompyuta ku Harare Polytechnic. Ntchito yoyamba inali m'kanyumba ka intaneti m'tauni, kumene anthu ankalipira pa theka la ola kuti atumize imelo kwa achibale a ku London ndi Johannesburg. Ndinkachotsa mavairasi, kukonza pulinta, kulumikiza zingwe za netiweki pansi pa matebulo. Panthawiyo ndinkaiona ngati ntchito yopanda ulemu. Lero ndimati ndi pamene ndinaphunzira kuleza mtima ndi munthu amene wakwiya chifukwa makina amukana. Za 2008 sindinena zambiri, aliyense wa kuno ali ndi nkhani yake. Malipiro ankatha mphamvu usanafike pokwerera minibasi, ndipo mu Januwale 2009 tinaona ndalama ya pepala ya madola 100 trillion. Anzanga ambiri a m'kalasi anawoloka Beitbridge kupita ku South Africa. Ine sindikanatha kuwatsatira mosavuta, chifukwa chitupa changa chinali ndi chizindikiro chakuti ndine mlendo, ngakhale kuti ine ndi bambo anga tonse tinabadwira muno. Malamulo atsopano a dziko a 2013 ndi amene anatsegula njira kwa ife obadwira mu Zimbabwe amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC, ndipo ndi malamulo omwewo amene anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Wachinyamata amene ukuwerenga izi, ngati mapepala ako sanakonzedwe, yamba ndi zimenezo usanalipire kosi ina iliyonse. Ntchito zambiri za m'nyumba zoulutsira mawu zimafuna kuyenda ndi kulowa m'malo otetezedwa, ndipo pakhomo amayamba kufunsa chitupa, satifiketi pambuyo.

Ku zoulutsa mawu ndinalowa mwangozi. Kampani ina yaing'ono yojambula mapulogalamu a kanema inandiitana kuti ndikakonze kompyuta yodulira zithunzi. Kumeneko ndinapeza mkulu wina amene aliyense ankangomuitana kuti Madala, munthu amene anakalambira pa matepi a U-matic ndi Betacam. Iye kompyuta ankadana nayo, ine makina ake sindinkawadziwa. Tinagwirizana zosinthana. Ine ndinamuphunzitsa za mafayilo, maseva ndi ma IP address, iye anandiphunzitsa zimene ku koleji sanatchuleko: kuti kanema wa kuno amayenda zithunzi 25 pa sekondi, kuti mawu akatsogola pang'ono chabe milomo ya munthu woonera amazindikira msanga kusiyana ndi chithunzi chosaoneka bwino, kuti chingwe cha maikolofoni sichigonekedwa limodzi ndi cha magetsi chifukwa chimatola kulira kwa 50 Hz. Anandiphunzitsanso kukulunga chingwe. Musaseke. Tsiku loyamba ndinachikulunga pachigongono ngati chingwe choyanikira zovala, iye n'kundilanda, amvekere: "Mwana wanga, chingwe chimenecho ndi chodula kuposa nsapato zakozo."

Nyengo inali kutithandiza ife a makompyuta. Mu 2012 Star FM ndi ZiFM Stereo zinayamba kuulutsa, mawailesi ena a m'mizinda n'kutsatira pambuyo pake. Bungwe la ITU, loona za mauthenga pa dziko lonse, linali litaika tsiku la 17 Juni 2015 kuti mayiko a chigawo chathu achoke pa kanema wa analogi kupita pa dijito, ndipo paliponse pankakambidwa za DVB-T2, njira youlutsira kanema wa dijito. Matepi ndi ma CD anali kutha, nyimbo ndi zotsatsa malonda zikulowa mu seva, kompyuta yaikulu yosungira mafayilo, mawu akuyamba kuyenda pa zingwe za netiweki zomwe zija ndinkakwawa nazo pansi pa matebulo. Akatswiri akale ankadziwa mawu ndi mlongoti koma osadziwa netiweki. Anyamata a IT ankadziwa netiweki koma ankaganiza kuti vuto lililonse limatha ndi kuzimitsa n'kuyatsanso. Muofesi wamba zimenezo zimatheka. Pa wailesi ukazimitsa seva kwa mphindi ziwiri, dziko lonse lamva. Munthu wodziwa mbali zonse ziwiri ankasowa, ndipo mpaka pano amasowa. Ndinalowa m'kampani yoika ndi kusamalira zipangizo za m'masitudiyo, ndipo ndakhala mmenemo mpaka lero.

Apa m'pamene panalowa matenda amene ndikufuna kukuchenjezani. Ndinayamba kukoma nako kufunidwa. Foni ikalira pakati pa usiku ndinkadandaula pakamwa, koma mumtima ndinkanyada kuti popanda ine zinthu siziyenda. Mapasiwedi onse anali m'mutu mwanga. Mmene zingwe zinayendera kuchoka pa maikolofoni, kulowa mu mikisa yosakanizira mawu, kupita ku makina okonza mawu, mpaka pa chipangizo chotumiza mawu ku mlongoti, zinali m'mutu mwanga. Sindinalembe paliponse. Wina akandifunsa ndinkayankha kuti, "Musavutike, ingondiimbirani." Ndinkaona ngati ndikuteteza ntchito yanga.

Tsopano usiku uja. Zimene zinachitika n'zazing'ono moti zimachititsa manyazi. Situdiyo inali ikuyendera jenereta tsiku lonse. Magetsi atabwera usiku, pamakhala kamphindi kochepa pamene makina akusintha kuchoka ku jenereta kubwerera ku magetsi, ndipo kamphindi kameneko amagwira ndi mabatire a UPS, bokosi losunga magetsi a padera. Mabatirewo anali atafa kalekale. Kachipinda kamene ankakhalamo kankatentha ngati uvuni, ndipo mabatire a mtovu amapangidwira kutentha kwa madigiri 25. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wawo umatsika pafupifupi ndi theka. Onjezani kuti miyezi yonse ya kuzimazima kwa magetsi ankatsitsidwa ndi kudzazidwa kangapo patsiku. Kanyale ka kutsogolo kankaonetsabe kobiriwira, ine n'kumakhulupirira kanyaleko. Sindinayesepo kuzula pulagi masana kuti ndione ngati angagwiredi.

Choncho zonse zinazima kwa masekondi owerengeka, n'kuyakanso. Mikisa inadzuka yokha. Kompyuta yoseweretsa nyimbo inadzuka n'kuima pofunsa pasiwedi. Kompyuta yachiwiri, imene ndinkaitcha yodalira zikavuta, ndinali nditailumikiza ku UPS yomweyo, ndi pasiwedi yomweyo, imene inali m'mutu mwa munthu amene ankaimba nyimbo za maliro ku Mabvuku foni itazima. Mtsikana uja anali ndi miyezi itatu yokha pa ntchito. Analankhula yekha pa maikolofoni mpaka mawu anamuthera, kenako kunakhala zii. Patapita nthawi anakumbukira kuti mu kabati munali kachingwe kolumikizira foni ku mikisa, n'kuyamba kuseweretsa nyimbo za mufoni mwake. Zotsatsa malonda zimene anthu analipira sizinamveke usiku umenewo.

Ndinamuimbira ndili chiimire pamoto paja, n'kumuuza pasiwedi. Zinatenga masekondi makumi awiri. Mawa lake abwana a wailesiyo sanandikalipire, chimene chinandipweteka kuposa kukalipiridwa. Anangondifunsa kuti, "Bambo, mukanakhala kuti amene tikuika m'manda lero ndinu, tikanatani?"

Mlungu womwewo ndinasintha kagwiridwe kanga ka ntchito, ndipo ndikulemba pano kuti wina atengepo. Ndinajambula njira yonse ya mawu pa pepala lalikulu, bokosi ndi bokosi, muvi ndi muvi, n'kulimata pakhoma la situdiyo pamene woulutsa aliyense angalione. Chingwe chilichonse ndinachimata dzina mbali zonse ziwiri. Mapasiwedi ndinawalemba, n'kuwaika mu envelopu yomata imene imasungidwa ndi woyang'anira, ndipo ikatsegulidwa timasintha onse. Kompyuta yoseweretsa nyimbo ndinaikonza kuti magetsi akabwerera izidzuka yokha mpaka kuyamba kuimba popanda kufunsa munthu. Yachiwiri ndinaisamutsira ku UPS ina. Tinaikanso kachipangizo komvetsera chete: mawu akasowa kwa masekondi angapo, kamayamba kokha kuseweretsa nyimbo za pa memori kadi mpaka situdiyo itabwerera. Ndipo kamodzi pamwezi, masana, aliyense akudziwa, timazimitsa magetsi dala kuti tione ngati mabatire ndi jenereta zikuchita zimene timaganiza kuti zimachita. Mwezi wa Okutobala usanathe timayenderanso mawaya onse olowa pansi, chifukwa mvula ya kuno imabwera ndi mphenzi, ndipo mlongoti ndi chinthu chachitali kuposa zonse m'dera.

Chimene chinandivuta kwambiri si zipangizo. Kunali kukhala pansi ndi oulutsa mawu, mmodzimmodzi, n'kuwaonetsa zochita ine kulibe. Mumtima munkabwera kamawu kakuti ukadzawaphunzitsa zonse adzakuchotsa. Sizinatero. Mafoni a usiku anachepa, ndipo kampani inayamba kunditumiza kukaika masitudiyo atsopano, ntchito imene kale sindikanaipatsidwa chifukwa ndinali womangirira pamalo amodzi ngati mbuzi.

Chodabwitsa n'chakuti phunziro lomweli linali litandipeza kale kutchalitchi, ine osalimva. Mu 2014 kampani ina imene inkasintha makompyuta inandipatsa akale khumi. Ndinawanyamula pa lole ya mnzanga kupita nawo ku holo ya mpingo wathu ku Mufakose. Abusa anapemphera, amayi a chigwirizano analulutira, ine ndinajambulitsa zithunzi n'kuika pa Facebook. Pasanathe chaka, oyaka anatsala awiri. Fumbi linatseka mafani, magetsi obwera mwamphamvu anawotcha atatu, ena anadzaza mavairasi a m'mafulashi a ana. Ine ndinkabwera Loweruka lokha, ndipo mkati mwa mlungu chilichonse chikavuta ankangofunditsa nsalu n'kunena kuti tidikire achimwene aja. Kiyi wa kabati analinso m'thumba mwanga. Ndinkadandaula kuti anthu athu sasamala zinthu. Bodza. Anthu sangasamale chinthu chimene sanaloledwe kuchigwira.

Nditapsa ndi za wailesi zija ndinabwerera kwa akulu a mpingo n'kupempha kuti tiyambirenso, koma mwa njira ina. Sindinapemphe makompyuta ambiri. Tinapeza malaputopu akale anayi, chifukwa laputopu ili ndi batire yakeyake ndipo sidya magetsi ambiri, moti sola imodzi ndi batire imodzi zimakwanira masana onse. Ndinaikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, mavairasi a m'mafulashi n'kusiya kutivutitsa. Popeza data ndi yodula, ndinaikamo Kiwix, pulogalamu imene imalola kuwerenga Wikipedia popanda intaneti. Koma ndisanaphunzitse mwana ndi mmodzi yemwe, ndinatha miyezi iwiri ndi anthu atatu okha: anyamata awiri amene anali atamaliza Fomu 4, ndi mayi wina wamasiye amene amasunga mabuku a sosaite yathu ya maliro. Mayiwo poyamba anakana, amvekere: "Ine mwana wanga, manja awa ndi a khasu ndi mthiko." Lero kaundula yense wa sosaite, amene walipira ndi amene ali ndi ngongole, ali mu kompyuta, ndipo amaika okha. Kiyi amasunga ndi iwo. Pali kope la chikuto cholimba limene aliyense amalembamo chimene chinavuta ndi mmene anachikonzera, m'Chichewa chosakaniza ndi Chishona, mmene timalankhulira.

Boma litatseka dziko pa 30 Malichi 2020 chifukwa cha Covid, anyamata awiri aja ndi amene ankaulutsa mapemphero a mpingo pa Facebook ndi kutumiza maulaliki pa WhatsApp. Ine ndinangowauza chinthu chimodzi chimene Madala anandiphunzitsa: anthu amapirira chithunzi choipa, koma mawu oipa amatseka. Musajambule mawu ndi foni ili kumbuyo kwa tchalitchi, tengani molunjika kuchokera ku mikisa, ndipo muzimvetsera ndi mahedifoni nthawi yonse. Mmodzi wa iwo pano amagwira ntchito ya mawu pa misonkhano ndi maukwati m'tauni. Akandifunsa za maphunziro ndimamuuza kuti aphunzire netiweki bwinobwino, atenge satifiketi ya netiweki ya CCNA ngati ndalama ilipo, chifukwa mawu a m'masitudiyo atsopano amayenda pa netiweki, pa njira zotchedwa Dante ndi AES67, koma asasiye kugwira chitsulo chowotcherera mtovu. Pepala limakulowetsa pakhomo. Amene amakusunga ndi woulutsa amene unamupulumutsa mphindi zisanu nkhani zisanayambe.

Ntchito yodzipereka imene ndimaikonda kwambiri inabwera mosayembekezera. Bambo anga atayamba kufooka, ndinazindikira kuti ndatha zaka ndikusamalira mawu a anthu ena koma ndilibe mawu awo ngakhale mphindi imodzi. Ndinatenga rekoda ndi maikolofoni Lamlungu lina masana, n'kuwafunsa za agogo ndi ulendo wawo wochokera ku Dedza. Analankhula maola awiri. Akulu ena a mumpingo atamva, nawonso anafuna. Tsopano tili ndi mawu a agogo oposa makumi awiri a ku Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa: za m'mafamu a fodya, za m'migodi, za mmene ankatumizira ndalama ndi mabulangete kumudzi, za mayina a midzi imene zidzukulu zawo sizinaionepo.

Kwa amene angafune kuchita zomwezi kwawo, sizifuna ndalama zambiri. Foni yabwino imakwana, bola muiyandikize pafupifupi chikhatho chimodzi kuchokera pakamwa. Khalani m'chipinda chokhala ndi makatani, bedi kapena mikeka, osati m'holo yopanda kanthu mmene mawu amabwerera. Zimitsani firiji ndi wailesi. Jambulani mu WAV, mtundu wa fayilo umene sufinya mawu, chifukwa mawu a pa WhatsApp ndi ofinyidwa ndipo zimene zatayika sizibwerera. Fayilo iliyonse muipatse dzina loyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku. Sungani makope atatu, limodzi likhale kunyumba ina, ndipo banja la mwini mawu lipatsidwe lawo. Musanayambe, funsani chilolezo rekoda ili yoyaka, kuti mawu ovomerawo akhale momwemo. Ndipo gogo akakhala chete, inunso khalani chete. Ine wa pa wailesi chete ndimamuopa, moti masiku oyamba ndinkathamangira kufunsa funso lina. Nditamvetsera pambuyo pake ndinapeza kuti ndinkadula nkhani pamene inkafuna kuyamba.

Pali gogo wina wa ku Tafara, wazaka zopitirira 80, amene sapemphera nafe koma anatumiza uthenga kuti nafenso tibwere. Ndinapita ndi mmodzi wa anyamata aja, ndipo rekoda ndinamupatsa iye. Gogoyo anafotokoza za mgodi umene anagwirako, n'kufika pa za gule wamkulu, amene anzathu a Chishona amati zvigure, ndi mmene ankavinira m'makomboni Loweruka madzulo. Anaimba nyimbo ziwiri, mawu akunjenjemera. Atafika pa za kudambwe anaima, n'kuloza rekoda ndi ndodo yake.

"Zimitsa kanthu kakoko, mdzukulu wanga. Izi si za pa wailesi."

Mnyamatayo anandiyang'ana. Ine ndinangogwedeza mutu, iye n'kuzimitsa. Gogoyo anatiyang'ana tonse awiri kwa kanthawi, kenako anafunsa ngati tinalowa. Titayankha kuti ayi, anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana mdzukulu wake kuti atibweretsere tiyi. Fayilo ya tsiku limenelo ndi ya mphindi 47, ndipo imathera pa mawu akuti "wailesi". Mnyamata uja ndi amene anaipatsa dzina, n'kuikopera m'malo atatu, n'kulemba m'kope lija kuti Loweruka lotsatira apita yekha ku Dzivarasekwa, chifukwa ine ndinali ndi ntchito yosintha mabatire.